Kafe ya a Bwanali Inatsegukanso

Sendezani mipando pafupi, chifukwa nkhani iyi siyofuna kukuwa. Inamuchitikira mayi wina wa ku Luchenza, dzina lake Delifa, ndipo ena amene anaona zimenezi akadalipo.

Delifa anali telala. Mwamuna wake, Jositeni, anali kalipentala wosalankhulalankhula, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Sungeni, amene chaka chimenecho anali woyembekezera koyamba. Malo osokera atachepa kunyumba, Delifa anachita lendi shopu ina kumunsi kwa msika, khoma limodzi ndi saluni ya mayi wina wotchedwa Zelesi. Shopuyo sanaisankhe mwangozi. Kale, iye akadali mayi wachitsikana, munali kafe ya intaneti ya malemu a Bwanali.

Ana a masiku ano sangamvetse. Nthawi imeneyo intaneti sinkagona nawe pamphasa ayi, unkachita kuiyendera ngati wachibale. Unkasamba, kuvala bwino, n'kukakhala pabenchi kudikira mpata. Makompyuta a Bwanali anali ndi nkhongo zazikulu ngati mitsuko, ndipo akamalumikiza, kabokosi kena kankayamba kulira: poyamba ngati nkhululu, kenako ngati mphaka wopondedwa mchira, pomaliza ngati mvula pamalata. Chithunzi chinkatseguka pang'onopang'ono kuchokera kumwamba, tsitsi kaye, kenako mphumi, kenako maso, anthu ataunjikana kumbuyo kwako akukangana kuti ameneyu ndi ndani.

Kunali tsamba lina lotchedwa Bwalo la Kwathu, lokumaniranapo anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene anamwazikana m'mayiko. Kumeneko munthu ankayamba ndi moni wathunthu asananene chimene wabwerera. Ankatha kutsutsana sabata yonse za kaphikidwe ka kalongonda popanda wotukwana mnzake. Ndipo kumeneko n'kumene Delifa ankacheza Loweruka lililonse ndi mchimwene wake Layitoni, amene anapita ku Joni kukafuna ntchito. Chaka chimene kunabuka ziwawa zothamangitsa alendo, Layitoni anangoti zii. Sanabwere, mtembo sunabwere, uthenga sunabwere. Mayi awo anamwalira akukanizabe achibale kulira maliro a munthu amene sanamuone. Patapita zaka tsamba lija linatsekedwa, a Bwanali anamwalira, makompyuta anagulitsidwa.

Tsopano Delifa ankatsatsa madiresi ake pafoni, koma foniyo inkamutopetsa mutu. Ukaitsegula, uyu akuvina, uyu akutukwana, uyu walengeza imfa ya munthu wamoyo, uyu ndi nkhope yopangidwa ndi makina ikugulitsa mankhwala a mwayi. Tsiku lina anaika chithunzi cha diresi la ukwati limene analisoka sabata ziwiri, ndipo anthu osawadziwa anakhalira kuseka zala zake kuti n'zokhota.

"Kale kunali anthu pa intaneti," anamuuza Zelesi, akuponya foni padengu la zigamba. "Lero kuli phokoso lokhalokha."

Mwezi wa Juni unafika ndi chiperoni. Nkhungu inkatsika kuchokera kuphiri n'kuphimba msika wonse, kamvula kosalekeza kakuwaza, moti masana ankaoneka ngati madzulo. Magetsi nawo ankazimazima. Tsiku lina atazima chomwecho, Delifa akupeta mpendero pamanja pafupi ndi khomo, anamva nkhululu ikulira kuseri.

Shopuyo inali ndi chipinda chakumbuyo, momwe kale munkakhala makompyuta. Iye ankasungiramo mipukutu ya nsalu basi. Kulirako kunkachokera mmenemo. Nkhululu ija inasintha mawu n'kukhala mphaka, mphaka n'kukhala mvula pamalata, kenako chete. Singano inamulasa chala, koma sanamve kuwawa. Anakhala pomwepo, magazi akudontha pansalu ya kasitomala, mpaka magetsi anayaka.

M'mawa mwake anapeza mipando ya makasitomala kulibe. Anaifuna panja, anafunsa mlonda wa mashopuwo, kenako anatsegula chipinda chija. Mipando yonse inali mmenemo, itandandalikidwa bwinobwino moyang'ana kukhoma. Munkanunkha fumbi lotentha, fungo limene anali ataliiwala, la makina amene agwira ntchito tsiku lonse.

"Bambo a Sungeni, munabwera kushopu dzulo?" anafunsa mwamuna wake.

"Ndikatani? Kiyi muli nayo ndinu."

Anabweza mipando kutsogolo. Mawa lake inabwereranso kukhoma. Anaisiya.

Loweruka masana, nkhungu itathithikana moti sitolo ya kutsidya kwa msewu sinkaoneka, pakhomo panaima bambo wina wamtali wovala jekete lalikulu la kaunjika. Mapewa a jeketelo anali atanyowa. Chipewa anachikokera kumaso, ndipo analankhula akuyang'ana pansi.

"Zikomo, mayi. Netiweki yabwera?"

"Kuno n'kotelala, bambo. Kafe inatsekedwa kalekale."

"Palibe kanthu," anatero bamboyo mwaulemu. "Tidikira."

Anadutsa pambali pa mashini n'kulowa m'chipinda chakumbuyo ngati munthu wodziwa njira. Delifa anafuna kumuitana, koma anali atalowa kale. Patapita kanthawi panabwera mayi wina wofunda chitenje kumutu, kenako bambo wachikulire wa ndodo, kenako mtsikana wovala siketi ya fashoni imene Delifa anasiya kusoka zaka zambiri zapitazo. Aliyense ankapereka moni wathunthu, kufunsa za kunyumba ndi za thupi, n'kulowa. Pofika nthawi yoweruka, Delifa analimba mtima n'kusuzumira. Munali mipando ndi nsalu zokha.

Lolemba Zelesi anabwera ndi chipeso m'manja, nkhope ili gwaa.

"Asisi, bizinesi yakuyenderani. Anthu onse aja a Loweruka?"

"Munawaona?"

"Ndinawaona akulowa." Zelesi anayang'ana kuchipinda chija, n'kutsitsa mawu. "Kutuluka ndiye sindinawaone. Kodi kumbuyoko kuli khomo lina?"

Kunalibe khomo lina. Onse awiri ankadziwa.

Munthu wanzeru akanatseka shopu tsiku lomwelo. Delifa naye analingalira zotero. Koma Loweruka lotsatira, alendo aja atalowa ndipo kabokosi kosaoneka kaja katamaliza kulira, bambo wa jekete anasuzumira pakhomo la chipindacho.

"Mayi, mpando umodzi ulibe munthu. Wina wakhala akukufunsani."

Miyendo inamutengera yokha.

M'chipindamo munali kuwala kobiriwira kofooka, ngakhale magetsi kunalibe. Pakhoma panali mzere wa makompyuta a nkhongo zazikulu, pamatebulo amene Delifa sanawalowetsemo. Anthu aja anali atakhala chomufulatira, zala zikugogoda mabatani, palibe wotembenuka. Delifa anakhala pampando wa kumapeto. Mpandowo unali wozizira ngati mwala wa kumtsinje. Pa sikirini panali Bwalo la Kwathu, mtundu wake womwe uja wa masamba a tiyi, ndipo pakona panaphethira mawu.

"Achemwali, mulipo?"

Delifa analira osatulutsa mawu. Zala zinakumbuka zokha pamene pali zilembo.

"Ndilipo, achimwene. Muli kuti? Zaka zonsezi muli kuti?"

"Kuno kukuzizira. Kumudzi kuli bwanji? Mango a pakhomo aja akubalabe?"

Anacheza. Anamuuza za Jositeni, za Sungeni amene Layitoni anamusiya akukwawa, za mtengo wa mango umene unagwa ndi mphepo. Za imfa ya mayi awo sanathe kulemba. Pa bwalo lonse anthu ankacheza mofatsa monga kale, wina akufunsa mbewu ya nandolo, wina akusimba za sitima ya pamtunda imene inkaima pa Luchenza. Palibe wotukwana, palibe wogulitsa kanthu. Mtima wa Delifa unakhala pansi koyamba m'zaka zambiri.

Atadzuka, ankaganiza kuti wakhala kanthawi kophikira tiyi. Anapeza kunja kwada, msika watsekedwa, Jositeni ataima pakhomo ndi njinga.

"Make Sungeni, ndagogoda mpaka dzanja kuwawa. Mumatani mumdima?"

"Ndimasanja nsalu."

Jositeni anamugwira dzanja kuti akwere njinga, n'kulisiya msanga. "Mwagwira madzi oundana?"

Kuyambira pamenepo sizinadikirenso Loweruka. Tsiku lililonse la nkhungu alendo ankabwera, ndipo Delifa ankakhoma chitseko chakutsogolo n'kulowa nawo. Madiresi a anthu anaunjikana osasokedwa. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake akukalipa, Delifa n'kungomuyang'ana ngati akulankhula chinenero china. Chakudya chinasiya kumukomera. Zovala zinayamba kumukhwepa. Sungeni, amene anali atabwerera kwa makolo ake kudikira nthawi yake, anamupempha kangapo kuti amusokere timalaya ta mwana, ndipo kangapo konse Delifa anayankha kuti mawa.

"Amayi, mwandikwiyira?" anafunsa Sungeni tsiku lina, atagwira msana.

"Ayi, mwanawe. Ntchito yachuluka."

"Nanga bwanji mukamandiyang'ana mumakhala ngati mukuwerenga chinachake kumbuyo kwanga?"

Delifa anasintha nkhani. Mantha anali nawo, musaganize kuti analibe. Anali atayamba kuzindikira mayina a pa bwalo lija. Amene ankafunsa mbewu ya nandolo anali mphunzitsi wa ku Thuchila amene Delifa anapita nawo kumaliro ake. Wosimba za sitima anafera ku Ulaya, thupi lake linabwera pandege. Ndipo Layitoni, akamufunsa kuti ali kuti kwenikweni, kapena nambala yake ya foni, ankangoyankha kuti kuno kukuzizira, n'kufunsa zina.

Zelesi anamudikirira pakhomo m'mawa wina.

"Asisi, ndikuuzeni ngakhale mundide. Dzulo munaweruka dzuwa likadalipo, ndinakuonani mukukwera kabaza. Koma kukhomaku ndinkamva inuyo mukuseka. Kuseka kwanu ndimakudziwa."

"Munamva wailesi."

"Wailesi yake iti, magetsi kulibe? Pitani kwa abusa, kapena uzani amuna anu. Mukapanda kutero ndiwauza ndine."

Tsiku limenelo Delifa atakhala pampando wake, anayang'ana pamene pankaoneka mayina a anthu amene ali pa bwalo. Dzina lake linalipo kale, asanalembe chilichonse. Pansi pake panali macheza amene iye sanawakumbukire, olembedwa m'kalankhulidwe kake, akulonjeza Layitoni kuti akhala nthawi yaitali ulendo wotsatira.

Anatuluka mothamanga, ndipo masiku angapo sanapite kushopu. Anakhala pakhomo, anadula timalaya ta mwana, anamuphikira Sungeni phala. Jositeni anayamba kumwetulira. Koma Lachisanu nkhungu inatsika yoposa masiku onse, yofika mpaka pakhonde, ndipo Delifa akuchapa anamva nkhululu ija patali, kumbali ya kumsika. Anapukuta manja.

"Ndikatenge ulusi woyera," anamuuza Sungeni. "Sindichedwa."

"Amayi, msana ukundipweteka mwachilendo lero."

"Ndikubwera pompano."

Alendo anali atafika kale. Bambo wa jekete anamukokera mpando. Pa sikirini mawu anali akudikira.

"Achemwali, munasowa. Lero ndikutumizirani chithunzi changa, muone mmene ndikuonekera tsopano."

Delifa anagwira pamtima. Kunyumba kunalibe chithunzi cha Layitoni ngakhale chimodzi, zonse zinapita ndi tsamba lija litatsekedwa, ndipo nkhope yake inali itayamba kumusungunuka m'maganizo. Pamwamba pa sikirini panaoneka kamzere kakuda. Kanatsika pang'ono. Linali tsitsi, lonyowa, lomatirira kumutu.

Chithunzicho chinkatsika mochedwa kuposa chilichonse chimene anachionapo kwa a Bwanali. Delifa anadikira. Miyendo inachita dzanzi, dzanzilo linakwera mpaka m'chiuno. Kunja kunkamveka ngati wina akumenya ng'oma kutali kwambiri. Mphumi inayamba kuoneka, ndi chipsera chimene Layitoni anachipeza atagwa mumtengo ali mwana. Analidi iye.

Ng'oma ija inayandikira, n'kukhala chitseko chikumenyedwa. Mkati mwa kumenyako munali mawu a Jositeni, osasa ngati a munthu amene wakuwa nthawi yaitali.

"Make Sungeni! Tsegulani! Mwana ali kuchipatala, zavuta! Akuitana inu!"

Delifa anafuna kudzuka. Dzanja la bambo wa jekete linatsamira pamsana pa mpando, osamukhudza, koma kuzizira kwake kunamufika pakhosi.

"Mukadzuka, chiyambiranso pamwamba," anatero mofatsa. "Ndipo mpando uwu ofuna ndi ambiri. Dikirani pang'ono, chatsala pang'ono."

Nsidze zinali zitayamba kuoneka. Pansi pake, pamene pankayenera kubwera maso, mzere wotsatira unali ukudetsedwa. Delifa analemba, zala zikuphonya mabatani.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Muli moyo?"

"Dikirani muone," anayankha mawu aja.

Apo m'pamene anazindikira kuti m'chipindamo mwati zii. Kugogoda kwa mabatani kunali kutasiya. Anthu onse a pamzere anali atachotsa manja, ndipo m'mbali mwa diso lake anaona mitu ikutembenukira kwa iye pang'onopang'ono, yonse pamodzi. Sanayang'ane. Anangoti maso pa sikirini.

Pansi pa mawu aja panatuluka mzere wina, wolembedwa mothamanga, zilembo zina zitasowa, ngati wa munthu amene walanda mabatani kwa mnzake.

"chemwali thawani. osaona. pitani kwa mwna"

Delifa anatseka maso. Anadzigwetsa chammbali kuchoka pampando, chifukwa miyendo inali itakana, n'kukwawa ndi zigongono. Chinachake chonyowa, ngati mpendero wa jekete, chinamukhudza patsaya. Kumbuyo kwake wina anapuma mozama, mokhumudwa, ndipo kabokosi kaja kanayamba kulira chobwerera, mvula, mphaka, nkhululu. Anagunda mashini ake ndi mutu, anapapasa loko, ndipo chitseko chinatseguka Jositeni atachikankha ndi phewa.

Kunja kunali dzuwa la m'mawa. Nkhungu inali itapita. Zelesi anali pomwepo atagwira pakamwa, ndi anthu ena a pamsika, wina atanyamula chitsulo chothyolera loko. Zala za Jositeni zinali magazi okhaokha.

"Lero ndi liti?" anafunsa Delifa.

"Loweruka," anatero Jositeni. "Dzulo tinaswa galasi la kazenera kakumbuyo, tinaunika ndi tochi. Munalibe munthu, make Sungeni. Munali mipando yokha."

Anamunyamula n'kumukweza pagalimoto ya mnzake wa Jositeni. Kuchipatala anapeza Sungeni atavutika usiku wonse, anamwino akukonzekera kupita naye ku opaleshoni. Atawaona mayi ake, Sungeni anatambasula dzanja. Delifa anachita mantha kumugwira, poopa kuzizira kwa manja ake, koma Sungeni anamukoka yekha n'kukanikiza dzanjalo patsaya lake lotentha.

"Mumachedwa kuti, amayi?"

"Ndabwera, mwanawe. Ndabwera."

Mwana anabadwa masana, wamkazi, wamoyo. Sungeni anachira, ngakhale anatenga nthawi.

Delifa sanalowenso m'shopumo. Jositeni ndi anzake ndiwo anakatulutsa mashini ndi nsalu, ndipo mipando anaisiya momwemo. Patapita mwezi, Delifa anaitana achibale a kwawo n'kuwauza kuti nthawi yakwana yolira Layitoni. Ena anafunsa kuti wamva kwa ndani kuti anamwalira. Iye anangoti wamva. Anasonkhana kumudzi, anaimba nyimbo, abusa anapemphera, ndipo Delifa analira mpaka mawu anatha.

Shopu ija sinakhalitse yopanda munthu. Anailowa bambo wina wogulitsa mbewu ndi feteleza, a Nampinga, amene mkazi wawo anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Chaka chotsatira, chiperoni chitayambanso, Zelesi anabwera kunyumba kwa Delifa. Anakana mpando.

"Asisi, a Nampinga ayamba kutseka masana. Awonda moti akuboola mabowo atsopano palamba."

Delifa anamusiya mdzukulu m'manja mwa Sungeni, anafunda chitenje, n'kutsagana ndi Zelesi. Anakaima kutsidya kwa msewu, sanayandikire khomo. Anatuma Zelesi kuti akawaitane. A Nampinga anatuluka akuphethira ngati munthu wochokera m'tulo, kolala ya malaya itawakulira pakhosi.

"Bambo, ine ndi amene ndinali m'shopu imeneyi inu musanabwere," anatero Delifa. "Chonde, chokanimo. Lero lomwe. Katundu adzakutulutsirani ena."

A Nampinga anamwetulira, kumwetulira kwa munthu wokhuta.

"Mayi, ine sindilakwira munthu. Ndimangocheza ndi akazi anga. Kumeneko anthu amalankhulana bwino, simungamvetse."

"Ndikumvetsa. N'chifukwa chake ndabwera. Muli ndi ana?"

"Alipo awiri, ku Limbe."

"Aimbireni foni. Pompano, ine ndikuona."

A Nampinga anapapasa m'matumba, koma foni sanaipeze. Anayang'ana kumbuyo, kukhomo la shopu, ngati wina wawaitana. Kenako anabwereranso kwa Delifa n'kumuyang'anitsitsa.

"Kodi ndinu a Delifa?"

Delifa anali asanawauze dzina lake. Zelesi anamugwira mkono.

"Amakufunsani tsiku lililonse," anatero a Nampinga. "Akuti chithunzi chija chafika pakamwa."

Anatembenuka, anaoloka msewu, ndipo nkhungu inawameza asanafike pakhomo. Delifa anamva loko ikulira mkati.

Tsiku lomwelo iye ndi Zelesi anafufuza mpaka anapeza ana a Nampinga, ndipo anawo anabwera mawa lake n'kuwatenga bambo awo mokakamiza, bambowo akulira ngati mwana. Mwini nyumba anakhoma chipinda chija ndi njerwa. Koma Zelesi anasamutsa saluni yake chaka chomwecho, ndipo mukamufunsa chifukwa, amangoti khoma la njerwa limatseka khomo, silitseka makutu.

Nkhani ya Delifa yathera pamenepa. Amene akupita kutali anyamuke awiriawiri.